Malo Otsala pa Mwala Wakuda

8 Novembala, 1995

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi kamwana. Kuno amayi ali bwino, mwendo uja unasiya kutupa. Nsapato munanditumizira zija ndinalandira, zikomo kwambiri, kungoti n'zazikulu moti amayi akuti zimafika kusukulu ine ndidakali m'njira. Za abambo ndinena m'munsimu. Chonde muwerenge muli nokha, ndipo poyankha musatchule za mwala, chifukwa makalata anu ndimawawerengera amayi mokweza, iwo akundiyang'ana pakamwa.

Teremu ino aphunzitsi a masamu atiphunzitsa manambala achiroma. Mnzathu wina anafunsa kuti zinthu za anthu akufa zitithandiza chiyani, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Ine sindinaseke, chifukwa ndinaona kuti ndi zilembo zomwe zija abambo amazokota pa miyala ya pamanda mu shedi yathu. Inu munkati, "Ine changa n'kugogoda tchizulo, kuwerenga n'kwa eni maliro," ndipo amayi mpaka lero amazitcha mapazi a nkhuku. Ndiye ndiloleni ndikuphunzitseni pang'ono, muona chifukwa chake. I ndi 1, V ndi 5, X ndi 10, L ndi 50, C ndi 100, D ndi 500, M ndi 1000. Chilembo chaching'ono chikakhala kumanja kwa chachikulu, mumaphatikiza. Chikakhala kumanzere, mumachotsera. Choncho VI ndi 6, koma IV ndi 4. Basi, sukulu yake yonse ndi imeneyo.

Malamulo a abambo mu shedi mukuwakumbukira. Mwala asanaukhudze ndi tchizulo amaugogoda ndi kahamala, khutu atagunditsa, kuti amve ngati uli ndi mng'alu mkati. Wabwino umalira ngati belu, wong'aluka umangoti phu. Mzere uliwonse amauyeza ndi chingwe chopinda pakati, kuti malo otsala kumanzere ndi kumanja afanane. Ndipo munthu akabwera kudzakonzetsa mwala wake adakali moyo, amamuzokotera dzina ndi chaka chobadwa chokha. Chaka chachiwiricho sichilembedwa mwini wake akupuma.

Chaka chatha, inu mutachoka kale, kunabwera atelala a pakona aja, amene ankatisokera yunifomu.

"Amisiri, ndikufuna wanga," anatero. "Ana anga ndikuwadziwa, adzangondizikira thabwa la kabati."

"Inu ndinu mnyamata," abambo anayankha. "Mukuthamangira kuti? Kumeneko kulibe makina osokera."

Atelala anaseka, chisekocho n'kuthera m'chifuwa, natsokomola nthawi yaitali atagwira chitseko. Ine ndinkasesa, koma maso anali pa abambo. Anasiya kuseka n'kupendeketsa mutu, monga amachitira pomvetsera mwala. Atelala atapita, abambo anazungulira kuseri kwa mwala umene anasankhawo, nalembapo ndi choko. Nditafunsa anati, "Sesa, Kadzidzi. Maso akowa adzakupweteketsa." Chaka chisanathe atelala anamwalira. Abambo sanafunse munthu kanthu. Anangotembenuza mwala uja, nakopera kutsogolo zimene analemba kuseri.

Nthawi imeneyo ndinkayesa ndi chizindikiro chabe cha ntchito. Koma tsiku la phunziro lija, aphunzitsi ali kalikiliki pabolodi, ndinazindikira kuti zimene abambo analemba ndi choko chinali chaka chomwalira, mwini wake adakali kupalasa makina pakona.

Nditaweruka sindinapite kunyumba, ndinalunjika ku shedi. Abambo masiku ano sakhalitsako, chifuwa chija chakula kuyambira nyengo yozizira, ndipo masana amagona. Munali zii. Dzuwa linkalowera m'mabowo a malata, fumbi likuyandama m'kuwalamo. Miyala ya anthu amoyo ija inali itatsamira khoma lakumbuyo, iliyonse ndi dzina lake ndi mzere wake wopanda kanthu, ngati anthu odikira basi. Ndinayamba kusuzumira kuseri kwa uliwonse. Wa anamwino opuma ntchito aja, panalibe choko. Wa amayi a golosale, panalibenso. Ndinafika kumapeto osapeza kanthu, mpaka ndinadziseka ndekha.

Kenako ndinaona mwala wakuda uja, umene abambo akhala akukana kugulitsa kuyambira tili ana. Kale unkagona pansi. Tsopano unali utaimirira pakona, utafunditsidwa chiguduli. Ndinachikoka chiguduli chija.

Panalibe dzina. Panali mizere iwiri yokha, osati ya choko, koma yozokota, yakuya, fumbi loyera lidakali m'mizeremo. Wapamwamba unali MCMXLI. Ndinayendetsa chala monga anatiphunzitsira. M, 1000. CM, 100 kuchotsa pa 1000, 900. XL, 10 kuchotsa pa 50, 40. Ndi I. Ndiye kuti 1941. Achimwene, chipewa chija munawagulira abambo atakwanitsa zaka 50, chinali chaka cha 1991. Chotserani nokha.

Wam'munsi unali MCMXCV. Ndinawerenga, ndinabwereza, ndinalemba m'fumbi pansi kuti mwina ndalakwitsa pa XC. Sindinalakwitse. Ndi chaka chomwe ndalemba pamwamba pa kalata ino.

"Wawerenga?"

Sindinawamve abambo akulowa. Munthu amene chifuwa chake chimamveka kuchokera kumsewu anaima kumbuyo kwanga osamveka ngakhale mpweya.

"Eya, bambo."

"Ndinkayesa m'nyumba mwanga mulibe wowerenga mapazi a nkhuku. Sukulu ndi yoipa ndithu."

"Munati wamoyo salembedwa chaka chachiwiri."

"Ndinkanena makasitomala. Ine ndine kasitomala? Ndikapita, azokote ndani? Mkulu wako ali kutali, iwe dzanja lako limanjenjemera ngati ukuba shuga. Moyo wanga wonse ndakongoletsa anzanga, ine ndikagone pansi pa zilembo zokhota?"

Ndinati tiyeni kuchipatala. Anandigwira mutu, nagunditsa khutu langa pamsana pawo, kenako anadzigogoda pachifuwa ndi nkhonya, pang'onopang'ono.

"Ukumva chiyani?"

"Palibe, bambo."

"Bodza sulitha, Kadzidzi. Funditsa mwalawo. Amayi ako asamve."

Achimwene, inu ndikuuzani zoona. Ndinamva phu.

Kuyambira tsiku limenelo nyumba yathu ndi yomweyo koma si yomweyo. Amayi amaimba akuchapa, amakalipira abambo kuti akusiya chakudya, abambo amawaseka kuti mchere wachuluka. Ine ndimangokhala pakati pawo ndi chinsinsi chimenechi. Kalendala ya pabalaza yatsala ndi masamba awiri, ndipo ndikaiyang'ana ndimapeza abambo akundiyang'ana ine. Loweruka lina masana, amayi ali kumsika, ndinamva tchizulo chikulira ku shedi, ngo, ngo, ngo, mwa kugogoda kwa abambo komwe. Ndinasuzumira kuchipinda, abambo ali mtulo, pakamwa pali yasa. Ndinapita ku shedi, loko ali chitsekere. Mwina anali malata akulira ndi dzuwa. Kusukulu ndilibe woti ndimuuze, mukudziwa kuti ine pa buleki ndimakhala ndekha kuseri kwa laibulale.

Ndinayamba kupita kukauona mwalawo tsiku lililonse ndikaweruka, sindikudziwa kuti ndinkafunanji. Ndinaugogodanso ndi kahamala. Umalira bwino kwambiri, kuposa miyala yonse mu shedi. Koma ndikauyang'ana panali chinachake chondisowetsa mtendere, ngati chithunzi chopachikidwa mopendama. Tsiku lina ndinatenga chingwe cha abambo chija. Mzere wapamwamba unali pakati penipeni. Wam'munsi ayi. Unakankhidwira kumanzere, ndipo kumanja kwa V kunatsala malo aakulu. Ndinayeza I wa mzere wapamwamba, n'kuyerekeza pamalo otsalawo. Akukwanapo atatu, ndendende, osatsala osapitirira.

Mukuona, achimwene? Manambala athuwa ukazokota 1995 watha, 5 sangasanduke 6. Koma achiroma amalola. Ukaika I kumanja kwa V, chaka chawonjezeka. Ukaikanso wina, china. Mpaka 1998, ine nditamaliza sukulu.

Ndinathamangira kunyumba, n'kuwapeza atakhala pakhonde, amayi ali kukhitchini. Ndinawanong'oneza za malowo.

"Ndinayeza molakwika," anatero. "Maso akalamba."

"Inu simunalakwitsepo muyezo."

"Ndiye ndayamba. Kodi homuweki ulibe?"

Mawa lake ndinatenga choko n'kulemba I kumanja kwa V. Nditabwera tsiku lotsatira ndinapeza wafufutidwa, mwala uli mbee, chiguduli chili m'malo mwake. Ndinalembanso. Anafufutidwanso. Zinapitirira choncho, ine kulemba, wina kufufuta, ndipo patebulo palibe ankatchula kanthu. Abambo ankangondipatsira mchere, zala zawo zili zotsukidwa bwino.

Sabata ino afooka kwambiri. Lolemba sanatuluke m'chipinda. Dzulo nditaweruka ndinapita ku shedi ndi choko changa m'thumba, ndikudziwa kuti ndikapeza I wanga ali pomwepo, popeza wofufuta ali gone. Ndinakoka chiguduli. I analipo, koma sanali wanga. Wanga amapendekera, ndipo ndimamulemba ngati kamtengo chabe. Uyu anali wowongoka ngati wolemba ndi rula, wokhala ndi timapazi pamwamba ndi pansi, kutalika kwake kofanana ndi V. Pansi pa mwala panali tchizulo chaching'ono chija cha zilembo, chonoledwa kumene, ndi kahamala pambali pake.

Kenako ndinabwerera kunyumba.

"Bambo, munapita ku shedi?"

"Ndi miyendo iti?"

"Usawavutitse abambo ako," amayi anatero. "Sanadzuke tsiku lonse, ine ndinali pompano ndikusita. Akanadutsa pati, pawindo?"

Nthawi ya chakudya ndinawatengera beseni kuchipinda kuti asambe m'manja. Anabisa dzanja lamanja m'bulangete, n'kundipatsa lamanzere lokha. Ndinadikira osachoka. Potsiriza analitulutsa. Chala chachikulu ndi cholozera zinali zoyera ndi choko, mpaka m'zikhadabo. Anasamba, madzi n'kuchita mbuu, ndipo tonse awiri tinkangoyang'ana m'beseni.

"Choko si ntchito," anatero motsitsa mawu, akuyang'ana kukhoma. "Choko chimachoka ndi malovu. Ine hamala sindingainyamulenso, iwe ungandiwonongere mwala. Mkulu wako ndiye anali ndi dzanja lowongoka."

Sanandiuze kuti ndikulembereni. Sanandiletsenso.

Achimwene, ine ndine mwana, ndikati chipatala amandifunsa za homuweki. Koma inu amakumverani. Ndinu amene munawaveka magalasi oteteza maso atakana zaka zonse zija, munangowaimirira pakhomo la shedi mpaka anavala. Sindikudziwa ngati madokotala angathe kukonza chimene ndinamva pamsana paja. Chaka cha atelala abambo sanachiphonye. Koma kwa atelala sanasiye malo, ndinapita kumanda kukayeza ndi chingwe, mzere wawo uli pakati penipeni. Pa mwala wa iwo eni pokha ndi pamene asiya malo.

Ndikudziwa kuti kuntchito kwanu tchuthi n'chovuta, ndiponso kamwana n'kakang'ono. Komabe bwerani mwezi uno, musadikire Disembala. Musavutike kutigulira kanthu. Mudzawatengere kuchipatala, akakana mudzawaimirire pakhomo. Kenako mudzapite ku shedi iwo akuona, mukazokote I uja. Tchizulo ndachisiya pomwe anachiika, ndipo chiguduli ndachimanga ndi chingwe kuti chisakhudze choko chija.

Amayi akupereka moni, akuti alamu azimufunditsa mwana m'mawa. Anamwino opuma aja anakufunsani, ali bwino, ndipo ndikawaona ndimasangalala kuposa mmene iwo akudziwira. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo kamwanako mukauze kuti kali ndi agogo amene sanakanyamulepo. Abambo ndawafunsa ngati ali ndi mawu opita kwa inu. Anati ndikufunseni ngati dzanja lanu likadali lowongoka.

Ndikufuna kalata yotsatira ndidzailembe pamwamba kuti MCMXCVI, abambo akundinena kuti I wanga wapendekera.

Ndine mng'ono wanu,

Kadzidzi