Kesi Yokakamira mu Dayi ya Abwana

Amayi,

Kodi mwadzuka bwanji uko munapitako? Ine kuno ku Doha ndilipo, kungoti kwayamba kutentha, kutentha kuja ndinkakuuzani pafoni inu n'kumaseka kuti ndikukokomeza.

Ndiyambe ndi zakumudzi, poti ndi zimene mukanafunsa poyamba. Mwana wanu Esnart wachira mwezi wathawu, ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Pachithunzi ndaona kuti mphumi watengera inu ndithu, mphumi wosabisa mkwiyo uja. Chimanga cha kumunda wa kudambo chachita bwino, koma mtedza unapsa ndi ng'amba. Mbuzi yanu yamawangamawanga ija inaswa ana awiri, mmodzi fisi anatenga. Amalume agamula kuti chiliza chanu timange mu Ogasiti, ndipo anenetsa kuti popanda ine sayika njerwa ngakhale imodzi. Pamaliro sindinalipo, Amayi. Pachiliza pokha ndiyenera kupezekapo, koma tchuthicho chili m'manja mwa abwana, pamodzi ndi kontirakiti yanga imene ikutha mu Seputembala. Ndiye mumve zimene ndachita.

Mukudziwa kuti ndimayendetsa galimoto ya bambo wina wachikulire wa ku Al Aziziya. Chimene sindinakuuzeni, podziwa kuti mfuti munkadana nazo, n'chakuti masewera a mkuluyu ndi owombera chandamale ku kalabu ina kunja kwa tauni. Musadandaule, amawombera mapepala, ndipo chilolezo ali nacho. Akawombera, sataya kabotolo kamkuwa kamene kamatsala, kamene amati kesi. Amakatola kuti akaikemonso wonga ndi chipolopolo. Koma kesi ikawomberedwa imatupa pang'ono, ndiye asanaidzaze amaikanikiza ndi makina a chogwirira m'chitsulo chobowoka chotchedwa dayi, kuti ibwerere mwakale. Manja a abwana ayamba kunjenjemera, choncho chaka chatha anandiphunzitsa ntchito yokanikizayo, n'kundipatsa kiyi wa kabati yawo ya ku kalabuko. Wonga sindiukhudza, umenewo ndi wa eni ake.

Kesi isanalowe mu dayi amaidzoza mafuta, ndipo apa munandilakwitsa ndinu, Amayi. Si inu munkatipaka vaselini mpaka tikafika kusukulu tikuwala ngati mandasi, n'kumati, "Mwana wotuwa amatukwanitsa amake"? Tsiku loyamba makesiwo ndinawadzoza ndi chikondi chomwecho. Onse anatuluka ndi timaenje pamapewa, chifukwa mafuta akachuluka amasowa kothawira m'chitsulomo, n'kuyamba kufinya mkuwa. Abwana anaseka mpaka kutsokomola. "Shwaya shwaya, Yohane," anatero, ndiye kuti pang'onopang'ono. "Si mwana wako ameneyu." Anandiphunzitsanso kupukuta fumbi, poti kamchenga kamodzi kakalowa mu dayi kamakanda kesi iliyonse yobwera pambuyo.

Manyazi a tsiku limenelo anandichititsa kuumira mafuta. Lero pang'ono, mawa kuchepetsanso. Lolemba la sabata yatha, abwana atapita kukapemphera masana, ndinalowetsa kesi imene mafuta ndinangoinunkhiza. Chogwirira chinalimba potsika. Dzanja linandiuza kuti ima, koma mutu unati ndiwe mwamuna, kankha. Ndinakankha. Pobweza ndinangomva kuti thyo! Mkombero wa kunsi kwa kesi unaduka, thupi lake lonse n'kutsala mu dayi, lili gwa ngati chitsononkho pakamwa pa botolo.

Ndikanangodikira pang'ono kuti abwana abwere. Koma ine ndinakulira kumene chinthu chikakakamira timachimenya, kaya ndi mpini wa khasu, kaya chitseko cha khola nthawi ya mvula. Ndinatenga sukuludiraiva ndi hamala n'kuyamba kugogoda cha m'mbali. Kesi sinasunthe. Chimene chinasuntha ndi sukuludiraiva, imene inaterereka n'kulemba mzere m'kati mwa dayi, mmene muyenera kukhala mosalala ngati galasi. Ndinaimasula dayiyo, kuikulunga m'kansalu, n'kuibisa kuseri kwa mabokosi. Abwana atabwera ndinati, "Khalasi, Baba, za lero zatha." Anandikhulupirira.

Masiku atatu ndinawayendetsa pagalimoto, ku mzikiti, kwa dokotala wa maso, kwa mwana wawo ku Al Hilal. Ankandifunsa za mvula ya kwathu ine n'kumayankha mwaulemu. Ndinkati ndikanena, tchuthi chapita ndi ntchito yomwe. Ndikakhala chete, mwina Ogasiti afika asanaifune dayiyo. Mnzanga Chikondi, mlonda wa pa hotela ina, ndinamuuza nkhaniyi ndipo sanachedwe kuyankha. "Aise, kuno ukakonfesa ndi tikiti yobwerera yomweyo. Udzangoti unaipeza choncho. Mdalayo wakalamba, adziwa bwanji?" Ndinaona ngati akunena zanzeru, ndipo zimenezo ndikuchita nazo manyazi kukulemberani.

Lachinayi tili pa maloboti abwana anati, "Loweruka tikakonze makesi a mfuti yaitali ija." Makesi a mfuti imeneyo ndi amene amalowa mu dayi ndinaibisa ija. Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Ndinangoona kuti njira yatha, mawu n'kutuluka okha. Ndinawauza zonse, za hamala zomwe.

Anangoti tikhotere ku kalabu. Kumeneko anatulutsa kabokosi kamene ndinali ndisanakatsegulepo, mmene munali zida zochotsera kesi yokakamira. Ndi manja onjenjemera omwewo anaboola kunsi kwa kesi, kulowetsamo bawuti, n'kumapotokola pang'onopang'ono. Kesi inatuluka tiyi wawo asanazizire n'komwe. Kenako anaunika ndi tochi m'kati mwa dayi n'kuuona mzere wanga uja. Anayesa kesi ina yodzoza bwinobwino, ndipo inatuluka ndi chipsera m'mbali monse. Dayi inatha ntchito.

"Kesi kukakamira si mlandu, Yohane," anatero. "Inenso zandichitikira kangapo. Ukanandiuza tsiku lomwelo, sipakanaonongeka kanthu." Anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa kiyi wa kabati. Fomu ya tchuthi asayina dzulo. Za kontirakiti angoti, "Inshallah, tidzakamba ukabwerako," ndiye kuti Mulungu akalola, koma inshallah wa kuno amatha kukhala inde, amathanso kukhala ayi.

Amayi, chimene chandigwetsa misozi si kiyi ayi. Mawu a abwanawo ndinawamvapo kale. Maliro atatha, Esnart anandiuza kuti adokotala atayeza chotupa chanu chija anapukusa mutu, n'kunena kuti mukanabwera chitangoyamba akanachichotsa. Inu munachisunga m'nsalu chaka chathunthu, mukuchithira zitsamba ndi mapilitsi a pagolosale, ndipo Lachisanu lililonse pafoni munkati, "Ndili bwino, mwanawe, gwira ntchito." Zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikukukwiyirani chamumtima, ndikuti munandimana mpata wokuonani muli moyo. Tsopano mantha anu ndawalawako. Munkaopa kuti mukanena, ine nditaya ntchito n'kukwera ndege. Ine mantha anga anali odziteteza ndekha, ndipo masiku atatu okha anandilemera. Inu munasenza anu chaka, muli nokha, chifukwa cha ine.

Sindinena kuti munachita bwino. Mukanandifunsa, ndikanasankha kutaya ntchitoyo. Koma mkwiyo uja watha, Amayi, ndipo ndimafuna mumve zimenezo kwa ine mwini.

Mu Ogasiti ndikubwera, kaya ntchito idzandidikira kaya ayi. Anthu akadzabalalika ndidzatsala, ndikhale pansi pambali panu, ndikuuzeni zonse zimene ndinkakubisirani nanenso pafoni paja ndikamati kuno kuli bwino.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane