Makina a Dzanja Limodzi

LACHIWIRI

Safeli 10:12
sisi ndafika pa duka ku Tunduma. ma tiller olimira dimba la adada alipo awiri, wina mano ali kutsogolo wina kumbuyo

Eluby 10:31
sorry ndinali mu ward. wopepuka ndi uti?

Safeli 10:33
wakutsogolo. koma fundi, makaniko wa pa dukapa, akuti amadumphadumpha dothi likalimba, amafuna manja awiri amphamvu. wakumbuyo amadzikoka yekha, iwe kumangotsata ngati uli pambuyo pa ng'ombe

Eluby 10:34
wamalonda sanyoza katundu wake iwe. tenga wopepukayo, adada akula

Amama 10:58
[uthenga wa mawu, 0:52]
Monire mose. Ana anga, tengani wakumbuyoyo. Phewa lamanja la adada anu silikwera, mukudziwa. Tinkakuuzani kuti anagwa pa njinga. Sanagwe. Nthawi ya makadi ija anyamata a chipani anawapeza pa msika wa Lufita alibe khadi, anawapotokola mkono mpaka unaguluka. Chaka chino khasu lawakaniratu. Awauza kale ang'ono awo a Esau kuti dimba alitenge. Akungokhala pakhonde, maso kumtsinje. Musawauze kuti ndanena.

Eluby 11:20
amama zaka zonsezi??

Eluby 11:22
ine nesi wathunthu kumawathowa phewa ndikuwaseka za njinga

Eluby 11:47
amama

Safeli 12:15
wakumbuyo uja ndamuyesa kuseri kwa duka, dzanja lina lili mthumba. akuyenda bho. fundi waseka mpaka misozi, sakudziwa chifukwa

Safeli 12:16
ndatenga. a basi akana kulemera, ndakweza pa lole ya feteleza

Eluby 12:30
yewo chomene adumbu, mlongo wanga. amama zkm potiuza, tikanagula chinthu chowalizanso

LOWERUKA

Eluby 07:05
mwafika? adada ati chani?

Eluby 08:40
muli zii bwanji anthu inu, mtima uli mmwamba kuno

Safeli 09:26
poyamba anakana, ati zimenezi ndi za ku estate. kenako ati ungondionetsa pozimitsira. ndiye mpaka pano sanazimitse kkkk

Eluby 09:27
dzanja?

Safeli 09:28
lamanzere lokha. ine andithamangitsa, ati ndikuwapondera polima

Amama 10:03
[uthenga wa mawu, 0:21]
Eluby mwana wanga, Chiuta akudalitseni nonse awiri, ndilibe mawu. Tiyi wazizira, ndatopa kuwaitana adada anu. Pano ndikuvala nsapato, andituma kwa a Esau. Ati ndikawauze kuti dimba lili ndi mwini wake.