Mkono Wokana Kukwera

Lolemba, 5 Meyi

Adokotala a mafupa akuti phewa lachira. Andionetsa chithunzi, fupa lagwirana bwinobwino pomwe linathyoka nditagwa pa njinga chaka chatha. Ndangogwedeza mutu. Iwo sanandionepo ndikumenya mpira wa gofu.

Bambo aimba masana, kufunsa ngati Loweruka ndibwera kubwalo. Ati ndikapanda kubwera, malo anga atenga mlamu, mwamuna wa mchemwali wanga, ndipo ndodo zanga ndingomubwereka "zisachite dzimbiri." Sanakalipe. Bambo sakalipa. Kungoti ine ndi iwo timacheza pa gofu pokha, tikuyenda kuchoka pa dzenje lina kupita pa lina. Kunyumba kwawo timangoonera nkhani, kufunsana za mvula, basi. Ngakhale za imfa ya amayi anandilankhula koyamba tili m'maudzu, tikufunafuna mpira wawo. Loweruka likandipulumuka, tizikumana kuti?

Ndati ndiona.

Lachiwiri, 6 Meyi

Nditaweruka ku laibulale ndakankhira tebulo kukhoma, ndatsamiritsa kalilole pa mpando, monga mwa masiku onse. Kuyendera masiteshoni anga, malo amene ndodo imadutsa pomenya mpira.

Poyambira: bwino. Mapazi otalikirana ngati mapewa, mawondo opinda pang'ono, manja akulendewera okha. Ndodo ikafika m'chiuno: bwino, yagona mofanana ndi pansi. Kenaka pamwamba. Apa ndiye pali maliro. Mkono wamanzere umayenera kuwongoka, manja n'kukwera kupitirira mutu. Wanga umapindika pachigongono, manja amathera pakhutu, khosi n'kulowa m'mapewa ngati kamba. Potsika ndodo imadzera njira yakeyake. N'chifukwa chake ulendo wathawu nditazemba ndekha kukayesa kubwalo, mpira unkangokwawa pansi ngati khoswe.

Sizipweteka. N'zimene zikundiopsa. Ululu ukanakhalapo ndikanati udzatha. Koma mkono ukungokana, ngati pali wina wauikira malire.

Lachitatu, 7 Meyi

Mlamu wabwera "kudzangotiona." Maso ali pa chikwama cha ndodo.

"Alamu, izi si zopepuka zija? Zanga n'zolemera ngati makasu."

Wasolola imodzi, wayamba kuigwedeza pabalaza pompo. Mkazi wanga kukuwa ali kukhitchini: "Nyale yanga, inu!" Waibweza msanga.

Ndi munthu wabwino. Koma amalankhula kuyambira dzenje loyamba mpaka lomaliza. Pafupi ndi iye Bambo sangatsegule pakamwa.

Lachinayi, 8 Meyi

Mawu ouza Bambo kuti gofu ndasiya ndawakonza. Foni ndaigwira, ndaisiya.

Lachisanu, 9 Meyi

Ndilembe mwadongosolo.

Lero sindinapite kuntchito. Mkazi wanga wandituma kugwetsa mapeyala kuseri kwa nyumba, akuti mbalame zitimalizira. Ndatenga nsungwi, ndikulimbana ndi limodzi la kunsonga, ndangomva, "Imani pompo. Musasunthe!" Ndimati pali njoka. Iye foni m'manja, wajambula.

"Tabwerani muone. Mkono wopuwala uja ndi uti apa?"

Wamanzere. Uli njo! kumwamba, wowongoka ngati mtengo wa magetsi.

Ine n'kuyamba kufotokoza kuti kugwetsa peyala si gofu, minofu yake ndi ina, ndinawerenga penapake. Wandidula.

"Kuwerenga kumeneko ndiye kwakudwalitsani. Katengeni ndodoyo, mumenye panja pano."

Ndamenya mphepo pa kapinga, iye akujambula vidiyo. Zomwezo: chigongono kupindika, khosi kulowa. Ndati waona? Iye wabweza vidiyo, waiyendetsa pang'onopang'ono, waimitsa ndodo ili pafupi kufika pamwamba.

"Nanga maso akukatani kumwambako? Kuli mitambo yokhatu."

Zoona. Manja asanafike paphewa, maso amathawira m'mwamba, mutu n'kuwerama ngati munthu wolowa pakhomo lalifupi. Tayang'anizana. Kenaka iye kuseka mpaka kukhala pansi.

"Nyale! Mukuzinda nyale!"

Ndakumbuka zonse. Adokotala atandilola kunyamula ndodo inali nthawi ya mvula, ndiye ndinayamba kuyeserera pabalaza. Sabata yoyamba ndinagunda nyale yolendewera ija, mphatso ya ukwati yochokera kwa apongozi. Galasi limodzi linang'aluka, ndipo tsiku limenelo m'nyumba munali zii. Chiyambire pamenepo ndakhala ndikuyeserera pansi pa nyale yomweyo, tsiku ndi tsiku, kuphunzitsa thupi mwakhama kuti lisaikhudze. Ndipo kalilole wanga ndi wamfupi, amandidula pamutu. Nyale simaoneka. Maso ndimakhala nditawachotsa pa kalilole nthawi yomwe akuthawira m'mwambayo, ndiye ndikanadziona bwanji? Ndinayeza bondo, chiuno, chigongono, chala chachikulu. Denga lokha ayi.

Wandiuza kuti nditsinzine. Ndatsinzina, ndakweza ndodo pang'onopang'ono ngati ndikutola chinthu pa shelefu. Manja apitirira khutu. Apitirira mutu. Msana watembenuka wokha, ndamva ndodo yagona kumbuyo kwa mutu, malo ake akale. Palibe chaphulika, palibe chathyoka.

Ndakhala pa sitepe nthawi yaitali ndithu. Iye wandisiya. Pambuyo pake watulukira pazenera: "Mapeyala aja adzigwetsa okha?"

Ndatumiza uthenga kwa Bambo kuti mawa ndibwera. Ayankha: "Chabwino." Kwa iwo amenewo ndi mawu ambiri.

Kalilole ndamutulutsa pakhonde.

Loweruka, 10 Meyi

Mlamu anabwera ndithu, akuti mwina ndisintha maganizo. Tinayenda atatu.

Pa dzenje loyamba kamba anabwerera. Khosi m'mapewa, mpira kukwawa mpaka kukaima pafupi, poti ndikanauponya ndi dzanja ukanapitirira. Mlamu: "Alamu, musadzivute, chikwama ndinyamule ine?" Bambo sanandiyang'ane n'komwe. Akupukuta ndodo yawo anangoti, "Profesa, ukuganiza kwambiri. Mpirawo sunapite kusukulu."

Pa lachiwiri ndinasiya kuyendera masiteshoni onse. Ndisanamenye ndinayang'ana kumwamba kamodzi, mwadala, kuti thupi lione lokha kuti kulibe kanthu. Kunalibedi. Ndinakweza. Phokoso lija ndinali nditaliiwala, kuti thwa! Mpira unanyamuka, unapendekera kumanja pang'ono, koma unali m'mwamba, ukupita. Ndinapezeka ndaima pomalizira, lamba akuyang'ana ku mbendera ya padzenje, chidendene chakumanja chili m'mwamba, osayang'ana pa kalilole aliyense.

Mpira wa mlamu unakagwera mumchenga, mbali ina ya bwalo. Anapita akuulalatira.

Tinatsala awiri. Ndinawauza za nyale. Ndimaopa kuti aziti mwana wanga sukulu yonse ija n'kumaopa getsi. Anaseka mpaka kutsokomola, anachita kutsamira chikwama.

"Pabalaza? Iwe umayeserera pabalaza?" Anapukuta maso. "Amayi ako anandipirikitsira panja ndi ndodo zomwe, ukwati usanathe mwezi. Sindinakuuzepo?"

Ndinati ayi.

Anayang'ana kumchenga kuja. Mlamu anali akadali m'dzenje, fumbi lili koboo.

"Uja achedwa," anatero. "Yenda pang'onopang'ono, ndikuuze."