Makina a Che Sufiyani asapite pa sikelo

Aphungu,

Amene anayamba kundiuza kuti chitsulo chimasemedwa ngati chinangwa ndi mnzanga Che Sufiyani, Mulungu awalandire. Tinali pa depoti ku Balaka kudikira minibasi, iwo atangopuma ntchito yokonza injini ku Limbe. Ndinawaseka. Ndinati, "Che Sufiyani, wabodza wa dera lino ndine, musandilande ntchito." Iwo anangoti, "Mubwere kuseri kwa chigayo Lachiwiri. Bodza lanulo mubwere nalo, tidzalisemenso."

Ine ndine munthu wa nthano, Aphungu. Sukulu sindinapondeko, zonse zimene ndikudziwa zinalowera kukhutu. Kale ankandiitana m'maukwati ndi m'masadaka mpaka ku Nsanama. Masiku ano ukangoti "padangokhala," ana amaweramira mafoni awo ngati akupemphera. Mayi a kunyumba anatisiya, ana anga ali ku Joni. Amaimba foni ndithu, koma nkhani isanafike pakati mumamva, "Adadi, mayunitsi atha."

Lachiwirilo ndinapita. M'kashedi kuseri kwa chigayo cha pano pa Ulongwe munali kamakina kobiriwira, kakale, kotalika ngati benchi ya anthu awiri. Amamanga chitsulo kumutu kwake, chitsulocho n'kumazungulira, ndiye kampeni kakang'ono kamayenda m'mbali n'kumachipala, zopalazo n'kumagwa zopotanapotana. Sankachita nako geni, iyayi. Kanali kongosangalatsa mtima. Lero asema kabawuti ka njinga ya munthu, mawa chogwirira chitseko, tsiku lina nsonga ya ndodo yangayi.

Kuyambira tsikulo ndowa yawo yovundikira inakhala mpando wanga. Iwo akusema, ine ndikusimba. Chigayo chikazima makinanso ankazima, poti waya wake unkachokera m'chigayomo, ndiye tinkamwa tiyi. Ankati, "Che Abudu, mota uyu amapumako. Inu mumayendera chiyani?" Ine n'kuti, "Tiyi wanuyu. Onjezerani shuga muone."

Kugwira sankandilola. Anandiphunzitsa chimodzi chokha, kuika nsonga ya sikuludiraiva pamutu pa makina, chogwirira chake kukhutu, n'kumvera ngati m'kati muli bwino. Chimenecho ndinachigwira tsiku lomwelo, poti khutu ndiye sukulu yanga.

Anamwalira Ramadani itangotha. Chichokereni iwo ndimatha kudzuka, kuswali, ndiko kupemphera kwathu, kusesa pakhomo, dzuwa n'kufika pamutu ndisanatulutse mawu kwa munthu. Ndiye ndagulitsa mbuzi zanga zonse kuti ndigule makina otere, ndiwaike pabalaza panga, m'nyumba muzimveka kanthu. Ndizisema tinthu tanga pang'onopang'ono, basi.

Vuto ndi lakuti makina alipo awiri, mbuzi zangazo zikukwana amodzi. Ena ndi atsopano, aang'ono, owala. Anandionetsa pafoni mnyamata wina wogulitsa zinthu ku Liwonde, akuti makinawo ali ku Lilongwe, nditumize kaye ndalama ndiye abwera pa basi. Enawo ndi a Che Sufiyani omwe aja.

Sabata yatha ndinapita kwa akazi awo, Abiti Zuberi. Adakali pa eda, nthawi ija mkazi wamasiye amakhala m'nyumba, choncho tinalankhulana iwo ali kuseri kwa katani, ine pakhonde. Anati eda ikatha mwezi wamawa akupita kwa mwana wawo ku Nsanama, makina sangawanyamule, ndipo ogula sikirapu abwera kale kuti awagule pa kilo ngati nandolo.

Kenako anati, "Che Abudu, kodi mukudziwa kuti anzanu aja makutu anatha kalekale? Injini za ku Limbe zinawadya. Nthano zanu ankangomva theka, mwinanso osakwana."

Ndinati, "Nanga bwanji ankaseka pamalo pake penipeni?"

Iwo anati, "Ankayang'ana ndevu zanu. Zikayamba kunjenjemera ankadziwa kuti pafika poseka."

Anaseka kuseri kwa katani kuja, inenso ndinasekako. Koma pobwerera, msewu wonse ndinkadzifunsa kuti zaka zonsezi ndinkasimbira ndani.

Aphungu, ndigule ati? Atsopano sindinawaonepo ndi maso. Akalewa ndikuwadziwa kulira kwake, koma mwina ndi okalamba ngati mwini wake, ndipo mbuzi zina ndilibe. Kalatayi akundilembera a Lucius, aphunzitsi opuma amene amandiwerengera tsamba lanu. Akuti ndifupikitse, koma ndimalize kaye ichi.

Nditachoka kwa Abiti Zuberi kuja, mawa lake m'mawa ndinadzera kuchigayo, n'kupeza a sikirapu aja apachika sikelo mumtengo wa mango, kashedi kali kotsegula, wina akumanga chingwe. Ndinangolowa n'kukhala pamwamba pa makinawo. Wamkulu wawo anati, "Madala, tsikanipo, mutilemeretsera katundu." Ndinati, "Ndiyezeni pamodzi, nanenso ndine sikirapu." Mwini chigayo anathamangira kwa Abiti Zuberi, n'kubwera ndi mawu akuti adikire mpaka eda ithe. A sikirapuwo sikelo anaitsitsa n'kumapita. Chingwe chawo anachisiya chomanga pamwendo wa makina.

A.C., Ulongwe


Bambo A.C.,

Pepani ndi imfa ya anzanu. Tsikani kaye pa makinapo tikambirane.

Ndalama za mbuzi musazitumize kwa munthu amene wakuonetsani chithunzi pafoni. Makina ang'onoang'ono atsopanowa si oipa onse, koma ambiri magiya ake ndi apulasitiki, ndipo kabokosi kake ka magetsi kamapsa msanga magetsi akabwera mwamphamvu. Kakapsa, china mudzachipeza kuti pa Ulongwe? Komanso nthawi zambiri amabwera opanda timipeni ndi zoyezera, zimene pazokha zingadye mbuzi zina zomwe mulibe.

Choncho ine ndikutsamira kwa a Che Sufiyani. Koma chisoni chisagule chokha. Pezani mmisiri wosema zitsulo ku Balaka kapena ku Liwonde, mumulipirire minibasi adzawaone. Agwire chomangira chitsulo chija n'kuchigwedeza makina ali chizimire. Chikamagwedera, maberingi amene chimazungulirapo atha. Ayang'ane tinjanji timene kampeni kamayendapo, makamaka pafupi ndi mutu, ngati tadyeka mpaka chala kumva mphako. Khutu lanu ligwire ntchito yake, koma makina ozungulira opanda kanthu amanamiza. Aseme kachitsulo kotalika ngati dzanja, ayeze kunenepa kwake kumayambiriro ndi kumapeto. Kukafanana, gulani. Kukasiyana pang'ono, pa timabawuti ta njinga mutha kukhala nawo. Kukasiyana kwambiri, alekeni apite, ndalama zanu musunge mpaka ena akale apezeke. Ndipo lero lomwe funsani Abiti Zuberi za bokosi la timipeni, magiya osinthira ndi kiyi wa chomangira chija, alilowetse m'nyumba. Zimenezi ndi zomwe zimayamba kusowa.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene mukanataya mbuzi zanu. Mwanena kuti waya wa makinawa umachokera m'chigayo. Zigayo zambiri zimayendera magetsi amphamvu a mawaya atatu, osati a m'nyumba oyatsira babu ndi wailesi. N'kutheka kuti mota wa anzanu aja ndi wa magetsi a chigayo, ndipo mukaufikitsa pabalaza panu udzangokhala duu, osazungulira ngakhale kamodzi. Wodziwa zamagetsi awerenge kachitsulo kolembedwa pamotapo musanapereke kanthu. Mota ungasinthidwe, koma imeneyo ndi ndalama ina.

Ine ndikuti ngakhale utakhala wa magetsi a m'nyumba, makinawo musawasunthe. Kambiranani ndi mwini chigayo, amene wathamanga kale chifukwa cha inu, kuti kashediko kakhale kanu, muzimuthandizako pa magetsi. Pabalaza mudzakhala ndi phokoso lomva nokha. Pachigayo pali amayi odikira ufa mpaka miyendo kuwawa, pali a kabaza ofuna kabawuti, ndipo magetsi akazima onsewo amasowa chochita. Munthu wa nthano angafunenso malo ati?

Za makutu a Che Sufiyani zisakudwalitseni. Munthu amene anaphunzira nkhope yanu mpaka kudziwa poseka sanali kukunamizani. Ankafuna kuti mubwerenso mawa.

Kumbukirani kuti makinawa mwawaonera zaka zambiri koma simunawagwirepo. Patulani kangachepe ka mmisiri uja kuti akuphunzitseni Loweruka lililonse mpaka manja azolowere, ndipo muyambire pa chitsulo chofewa ngati cha mapoto.

Chenjezo langa ndi ili. Mkanjo wopita nawo kumzikiti musavale poyandikira makina, valani malaya a manja aafupi ndi magalasi oteteza maso. Kiyi musamusiye pa chomangira, amauluka ngati mwala. Zopala zija musazikoke ndi zala, zimacheka. Ndipo nkhani ikakufikani pakamwa, zimitsani kaye makina, chifukwa kutembenukira omvera kamodzi kokha n'kokwanira kutaya chala. Makinawo sakudziwa kuti munali mnzawo wa Che Sufiyani.

Aphungu