Zenera Loyang'ana Kuchulu

Kwa Kasisi,
Lachiwiri, pakati pa Novembala

Amayi,

Kodi kumene muliko zikuyenda bwanji? Kaya kumatenthanso ngati kuno. Ndine Lenadi wanu. Ndiyambe ndi kukuuzani kuti dzulo achimwene Gilibati anandidulira foni ndili pakati polankhula. Ndagona nazo, ndadzuka nazo, mtima sukuphwa. Ndati ndikulembereni inuyo, poti nkhani yake ndi ya nyumba yanu.

Koma ndisayambe ndi zowawa zokhazokha. Esinati anachira bwino m'mwezi wa Meyi, mwana wamkazi. Tinamutcha Felesiya, dzina lanu. Pano akukhala yekha pamphasa, mano awiri atuluka m'munsi, ndipo akalusa amakwinya pamphumi ndendende mmene munkachitira inu mukawerenga nkhuku n'kupeza imodzi palibe. Kutenthaku kwamutulutsa tizilonda m'khosi, Esinati akumusambitsa katatu patsiku. Mapira tinakolola ochepa, mbalame zinatidyera. Mbatata kudimba zachita bwino. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa mapasa, kamodzi kanafa, kenako kakudumpha kale pakhola.

Tsopano mverani za mwana wanu woyamba.

Titakuikani m'manda, achimwene anabwerera ku Joni. Patapita miyezi anatumiza ndalama kuti tikokere magetsi m'nyumba. Ndinakondwa, sindinama. Koma tsiku limene babu linayaka m'chipinda chanu ndinatuluka panja kukakhala pamtondo. Zaka zonse zija munkadwala, mawaya ochokera ku Kapichira akudutsa pamwamba pathu, mankhwala ndinkakupatsani mounikira ndi katochi ka foni yanga. Nthawi imeneyo ndalama za magetsi kunalibe. Zapezeka inu mutapita.

Chifukwa chake ndinachimva pambuyo. Akuti bwana wina amene anakamupentera nyumba ku Joniko ali ndi chipinda chongoonera kanema basi. Mulibe bedi, mulibe matumba a chimanga, mipando ndi khoma zokha. Ndiye achimwene akufuna chotero kuno, kuti akadzabwera pa Khirisimasi anzawo adzaone kuti Gilibati si munthu wamba. Chipinda chimene anasankha ndi chanu chachikulu chakumbuyo chija, mmene ine ndi Esinati tinkagona. Tinasamukira kakang'ono kakutsogolo, ka kazenera kosalowa ndi mutu womwe. Sindinatsutse. Malata a nyumbayi anagula ndi iwo, zimenezo ndimadziwa.

Kenako anatumiza ndalama zina ndi malamulo atatu. Ndipake khoma laimu kuti liyere. Ndipite ku Limbe ndikagule pulojekita ndi masipika. Pulojekita, amayi, ndi kamakina kamene kamaponya chithunzi pakhoma, chachikulu kuposa chitseko. Lamulo lachitatu ndi limene landidwalitsa mutu. Akuti kamakinako kamafuna mdima wa bii, ndiye ndigule simenti, nditseke zenera lakumbuyo ndi njerwa.

Zenera lanu, amayi. Loyang'ana kuchulu lija.

Kaya munthu amaiwala bwanji. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi koma ndikukumbukira zonse. Abambo anali atatisiya kale. Kuno sikunagwe ngakhale dontho, mvula inagwa kumapiri kwa eni ake. Tinadzuka m'mawa mphasa zikuyandama. Chitseko chinali chitafufuma ndi madzi, matope ndi bango zitaunjikana kunja kwake, munakoka mpaka chogwirira chinakutsalirani m'manja. Munatenga munsi n'kuyamba kugumula kazenera kakumbuyo, njerwa imodzi imodzi, madzi ali m'maondo, kenako m'chiuno. Woyamba kumukankhira kunja anali Gilibati yemweyu, kuti akandilandire ine. Njerwa inamung'amba pamsongolo, magazi chuu, koma munati, "Ukalirira pachulu, gwira mng'ono wako!" Tinakhala pachulu paja masiku awiri, tikuyamwa bwemba zosapsa.

Madzi ataphwa munagulitsa mbuzi ziwiri n'kuitana mmisiri. Munamuuza kuti zenera likhale lalikulu, lotsika, lotsegukira kunja, lopanda zitsulo. Anthu anakusekani kuti mwatsegulira akuba msewu. Inu munati, "Wakuba amasiyako, madzi sasiya." Ndipo munkakonda kunena kuti nyumba ya khomo limodzi ndi mono wa nsomba, kulowa kokha ndiye kophweka. Mzera wakuda umene madzi anasiya pakhoma munakana kuti tiuzire. Munkati usiyeni, ndi mboni.

Ndinawakumbutsa achimwene zonsezi pa uthenga wa pafoni. Anayankha ndi kankhope koseka.

Khoma ndinapaka, kawiri. Loweruka lapitali ndinakwera minibasi paboma kupita ku Limbe, ndalama ndazimangirira m'kati mwa buluku, mtima uli m'mwamba njira yonse ya m'phiri muja. Esinati anandipatsa chitenje chake chokhuthala kuti ndidzakulungire katunduyo kuopa fumbi.

Mwini sitolo anali bambo wina wadazi, wolongolola. Anati, "Kwanu n'kuti, achimwene?" Ndinati ku Chikwawa. Iye amvekere, "Hoo, kuja nkhuku zimaikira mazira owiritsawiritsa?" Ndinati, "Komweko. N'chifukwa chake timabwera kuno kudzaona anthu akuluakulu akunjenjemera m'majuzi dzuwa lili pamutu." Anaseka mpaka kugwira kauntala, n'kunditengera kuchipinda chakumbuyo. Anatseka chitseko, kuzimitsa getsi, n'kuyatsa kamene achimwene ananditumizira chithunzi chake. Amayi, zinali zokongola. Anthu pakhoma aakulu ngati amoyo, udzu wa pabwalo la mpira wobiriwira ngati kudimba.

Ndinati, "Tatsegulani chitseko." Anati, "Aa, ayi, zimenezi sizionetsedwa choncho." Ndinati, "Tsegulani, bambo, ndalama ndi ine ndanyamula." Atatsegula, chithunzi chija chinafwifwa ngati nsalu yochapidwa zaka khumi. Munthu sukanadziwa kuti uyu ndi wosewera kapena mphongolo ya golo.

Anayamba kundiwerengera manambala a pakatoni ndi Chingerezi chambirimbiri. Inu mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera Sitandade faifi. Ndinati za manambala zisiyeni, ine ndiona ndi maso. Ndinamasula chitenje cha Esinati, kuchipinda pawiri, n'kuchikoleka pakhomo lotsegulalo. Ndinati ndikufuna kamene kangaoneke chonchi, kunja kuli dzuwa, pakhomo pali nsalu yokha. Koyamba kaja kanalephera. Anatsitsa kena pashelefu yapamwamba, kokulirapo, kolemera. Atakayatsa chithunzi chinaoneka bwinobwino, nambala ya pamsana pa wosewera ndinaiwerenga ndekha.

Bambo uja anandigwira dzanja n'kuliika m'mbali mwa kamakinako. Munkatuluka mpweya wotentha ngati pauvuni wa njerwa. Anati, "Mwamva? Kuno kozizira kano. Mukakatsekera m'chipinda chopanda mphepo kwanu kuja, kadzazima kokha mpira usanafike pakati. Ndiye mudzabwera kuno kudzanditukwana kuti ndakugulitsani chakufa."

Atatchula mtengo ndinawerengera m'mutu. Kamakinako kankameza ndalama zonse, za masipika ndi za simenti zomwe. Ndinanenerera mpaka pakamwa kuuma, anatsitsa pang'ono poti nditsale ndi yokwerera.

Ndinatuluka osagula. Ndinazungulira msika kawiri ngati wosokonekera. Ndalama si zanga, amayi. Achimwene amazivutikira pamakwerero ku dziko la eni, ndipo ine sindinadyepo ya munthu chibadwire. Koma ndikatseka maso ndinkaona Esinati ali yekha m'nyumba, ine ndili kudimba, Felesiya ali kumsana, chitseko chakanirira, kumbuyo kuli khoma loyera bwino lopanda pobowoka. Esinati ndi wa ku Thyolo, kumtunda, madzi a kuno sawadziwa. Sadziwa kuti sanena odi. Ndipo munsi wanu uja ndi wolemera, iye ndi wochepa thupi, simenti ya masiku ano si dothi limene munagumula inu.

Ndinabwerera n'kugula kowala kwambiriko.

Dzulo achimwene anaimba foni yoonana nkhope. Ndinawaonetsa katoni. Anati, "Si imeneyo ndinakutumizira. Masipika ali kuti?" Ndinati palibe. "Simenti?" Ndinati palibe, ndipo sikufunikanso, chifukwa iyi imaoneka zenera lili chitsegulire. Anati, "Iwe Lenadi, ndinakutuma kukagula kapena kukaganiza?" Ndinayesa kufotokoza za kutentha, za bambo wadazi uja, osandimvera. Akuti kwa bwana wawo kulibe zenera, ndiye chipinda cha kanema chimatero. Ndinati, "Kwa bwana wanuko kuli Shire?" Anati ndikhala wakumudzi mpaka liti.

Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinati, "Achimwene, tatsitsani sokosi yanu muone pamsongolo." Anayang'ana pansi. Kenako anati, "Zakalekale izo. Malata a nyumba imeneyo ndi anga." Ndinati, "Malata ndi anu, zenera ndi la amayi." Anati pa Khirisimasi adzaitana mmisiri okha, ndipo ngati sindikufuna ndikamange yanga. Ndisanayankhe, foni thii.

Ndakwiya, amayi. Ndakwiya ndi munthu amene mwendo wake ukudziwa chimene mutu wake ukukana. Ndakwiya kuti mwana wanga akupikisana ndi kanema wa masiku asanu pachaka, poti Januwale akamayamba iwo amakhala atabwerera ku Joni, madzi akamabwera amapeza ife. Ndipo mundikhululukire, nanunso ndakukwiyirani pang'ono. Munkanena zambiri, miyambi yosatha, koma mawu amodzi oti nyumbayi isadzasinthidwe simunawanene pamaso pa abale. Mwandisiyira mlandu woti ndiweruze ndekha ndi mkulu wanga, ine wamng'ono, wopanda ndalama.

Lero masana ndati ndikayese kamakinako ndisanapenge. Esinati anabwereka kafulashi kosungiramo kanema wa mpira kwa anzake a pachigayo. Ndatsegula zenera lonse, ndakoleka chitenje chija, kamphepo kakulowa kuchokera kumtengo wa bwemba wa pachulu. Chithunzi chaoneka, amayi. Chaoneka bwino dzuwa lili pamutu, ndipo kamakina sikanazime. Mawu okha ndiwo akutuluka ang'onoang'ono ngati udzudzu, poti masipika palibe. Felesiya anatambasula manja kufuna kugwira anthu a pakhoma.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Mboni yanu yakana kufa. Ndinapaka laimu kawiri, mzera uja watulukanso pansi pake, wotuwa, kuchoka pakona kufika pakona. Ukayatsa kamakina kowalaka ndiye umaonekeratu. Anyamata a mpira aja akuthamanga pakhoma madzi ali m'chiuno. Esinati anaseka mpaka misozi, ine sindinaseke. Ndinajambula ndi foni, khoma, mzera ndi zenera pambali pake, n'kuwatumizira achimwene opanda mawu alionse. Timizera tiwiri ta pa uthenga tija tasanduka tabuluu, ndiye kuti aona. Mpaka pano sanayankhe. Kaya akuganiza, kaya akufunsa mtengo wa simenti, sindikudziwa. Kachitatu sindipakanso.

Mitambo yayamba kusonkhana kumapiri. Dzana ndinalambula kanjira ka kuchulu, ndadula minga yonse, ndipo ndamuphunzitsa Esinati kudumpha pazenera mwana ali kumsana. Anachita manyazi poopa anthu odutsa, koma anadumpha katatu. Ndaika mwala wopondapo kunja kwake. Mahinjesi ndathira mafuta.

Khirisimasi ikubwera, ndipo ndikuopa, sindibisa. Sindinakanganepo ndi achimwene maso ndi maso. Ndidzawalandira bwino, ndidzawaphera tambala, kanema wawo adzaonera ndi anzawo mmene akufunira. Koma mmisiri akadzafika ndi njerwa adzandipeza nditakhala pazenera, mwendo wina m'kati wina kunja, Felesiya ali pamiyendo. Akafuna kumanga adzayambire pa ine. Limeneli ndiye lonjezo langa kwa inu, malinga ndili moyo pamene munaboola ndi munsi sipadzatsekedwa.

Mundiperekere moni kwa abambo. Ngati kumeneko kuli njira yofikira munthu ku Joni, kamuyabwitseni mwana wanu pamsongolo.

Ndimakukondani monga kale,
mwana wanu wotsiriza,
Lenadi