Nyimbo za a Lumo

Lachiwiri, 9 Julaye

Okondedwa Achemwali,

Kuno kwacha ndi kamvula kowaza, ndipo pano nthawi ili cha m'ma 10 koloko m'mawa. Magetsi azima, makina onse osokera ali zii, abwana apita kukagula ulusi, ndiye ndakhala patebulo lodulirapo nsalu kuti ndikulembereni. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu, ndiponso kuti miyendo yasiya kutupa. Amayi ali bwino. Akuti musamanyamule ndowa, masiku anu ayandikira.

Uthenga wanu ndinaulandira, woti nditumize memori ija ya nyimbo za a Lumo kuti mwana akabadwa azimva zimene ife tinakula nazo. Ndakhala masabata atatu osayankha. Mukaganiza kuti pali chimene ndikubisa, simunalakwe.

Mukukumbuka kachipinda kathu kaja kuseri kwa shopu yometera ya a Lumo? Khoma linali la matabwa, moti tinkamva zonse: makina ometera, mikangano ya mpira, kenako anthu akatha, gitala. Inu munkasiya kutsuka mbale, thovu lili m'manja, n'kugunditsa khutu kukhoma. Tsiku lina munamenya khomalo n'kukuwa kuti, "Bwerezani imeneyo, a Lumo!" Iwo anayankha kuti, "Wopempha nyimbo ayambe wameta mpala!" Ine ndinafunda bulangete mpaka kumutu ngati kuti wakuwa ndine. Nyimbo zisanu ndi imodzi zimene anatiikira pamemori zija sizinamvekepo pa wailesi iliyonse. Pochoka munandisiyira kuti ndisamasungulumwe, ndipo zaka zinayi zonsezi ndakhala ndikusita makolala ndi kusokerera mabatani ndikuzimvera.

Achemwali, nyimbozo kulibe. Ndinazifufutitsa ndine.

Ndinkafuna ndikuwonjezereni zina musanalandire. Ndinapita kwa bambo uja woika nyimbo m'mafoni pafupi ndi pokwerera mabasi. Iye chizolowezi chake, akalandira memori amayamba wafufuta zonse, akuti kuchotsa matenda a kompyuta. Anandifunsa osandiyang'ana n'komwe kuti, "Ndiyeretse?" Sindinganame kuti sindinamve kapena sindinadziwe tanthauzo lake. Koma kumbuyo kwanga kunali mzere, wina akuti, "Fulumirani asisi, basi ikutisiya." Ndinangogwedeza mutu kuvomera. Anandibwezera itadzaza nyimbo zovinira zomwe zimalira m'basi iliyonse. Ndinathokozanso, ine wopusa ine, n'kukalirira kuseri kwa chimbudzi cha kuntchito.

Lamlungu lotsatira ndinapita kukawafuna a Lumo. Pamalo paja tsopano amagulitsa penti. Ndinafunsa anthu atatu, ndipo inu mukudziwa kuti kwa ine kufunsa munthu mmodzi ndi ntchito ya tsiku lonse. Ndinawapeza m'kashopu kakang'ono kuseri kwa msika, imvi zili mbuu, magalasi atamanga ndi ulusi. Gitala uja anali pamsomali, nsambo ziwiri zitaduka. Anandizindikira msanga.

"Iwe si mng'ono wake wa womenya khoma uja? Unayamba kuyankhula?"

Ndinawafotokozera zonse maso ali pansi. Anaseka pang'ono, kenako anasiya. Anati kompyuta imene anajambulira inapsa kalekale, ndipo analibe pena pamene anasunga.

"Zimenezo ndinaziiwala, mwanawe. Ankazimva ndani?"

Ndinati, "Ife."

Anatsitsa gitala, kupukuta fumbi ndi kansalu kometera, n'kuyesa ija ya njinga ya abambo yobwera madzulo. Anayimba mizere iwiri n'kuima. Anayambiranso, anaimanso pomwepo. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, Achemwali, koma ndinangomva mawu anga akupitiriza. Ine amene kusukulu ndinkangoyendetsa milomo anzanga akamayimba! Pampando panali bambo wina atametedwa mbali imodzi. Anati, "A Lumo, malizani mutu wangawu, ndituluka bwanji chonchi?" Iwo anati, "Khalani phee, bambo. Tsitsi lanu silithawa, koma nyimbo yanga inathawa, ndi iyi yabwera."

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse masana ndimapita. Anagula nsambo, akazi awo amatigwirira foni yojambulira, ine ndimawakumbutsa mawu. Tapulumutsa zinayi. Ziwiri zinazo zatikanika, tangotsala ndi timizere tosagwirizana. Mawu awo anakalamba, pokwera safikanso, ndiye anandikakamiza kuti pamenepo ndiziyimba ine. Choncho mukamva mawu a mkazi akunjenjemera ngati wagwidwa ndi malungo, musafunse kuti ndani. Alamu asamve nawo tsiku loyamba, chonde.

Ndaikamonso oyimba ena amene a Lumo anandidziwitsa, osadziwika ngati iwo omwe. Woyamba ndi mayi wophika m'kantini ya pafakitale, amayimba ndi kuwomba m'manja basi, popanda choyimbira chilichonse. Muyambe ndi yachiwiri yake, yonena za kuchapa malaya a munthu amene anachoka. Imeneyo muimvere muli nokha, chifukwa ine inandipeza ndikusita ndipo ndinatsala pang'ono kuwotcha diresi la mwini wake. Enawo ndi amuna awiri owotcherera zitseko, ng'oma yawo ndi chigubu cha mafuta. Nyimbo zawo n'zaphokoso ndi zoseketsa, zabwino tsiku limene alamu akukwiyitsani.

Magetsi anayaka dzulo ndisanamalize, ndiye ndikupitiriza lero pa nthawi yopuma.

Memoriyi ndaikulunga m'kansalu n'kuisokerera mkati mwa thumba la kamalaya kamene ndasokera mwana. Mumasule ndi lezala mosamala. Ndikudziwa kuti si imene munandisiyira. Mawu a a Lumo a nthawi ija, ndi kulira kwa makina ometera kumene kunkamveka kumbuyo kwa nyimbo yachitatu, sindingathe kukubwezerani. Ngati mwakwiya, nenani ndithu, musandisungire mumtima.

Koma ndili ndi pempho. Mu ija ya njinga, ndime yomaliza tonse awiri yatisowa. Ine ndikafika pamenepo ndinkasiya kumvera mawu, ndinkamvera inu, chifukwa munkaikweza mpaka amayi kukukalipirani. Ndiye pojambula tasiya malo, gitala akulira yekha mpaka kumapeto. Ngati mukuikumbukabe, muyimbire mwanayo pamenepo. Mukatero mujambule pafoni mutitumizire, ngakhale mwana akulira momwemo. A Lumo akuti sadzameta munthu tsiku limene idzafike.

Amayi akupereka moni. Abwana anga akuti kamalayako kakachepa mubweze tikakulitse. Moni kwa alamu, ndi kwa mlendo wathu amene sindinamuone. Mumuuze kuti mawu onjenjemerawo ndi a mayi ake aang'ono, ndipo kuti anayesetsa.

Ndine mng'ono wanu,
Kachete

Ndamaliza Lachitatu, 1 koloko masana.