Mzere Wotuwa pa Kapeti

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ku Dubai ndili bwino, kungoti kutenthaku.

Lachisanu ndinapita kusitolo ina ya ku Al Rigga nditakwiya, kukabweza kapeti imene ndinagula, chifukwa pakati pake pali mzere wotuwa. Mwini sitolo, bambo wa ku Iran, anaitembenuza n'kundionetsa timfundo tosalingana. Anati, "Madamu, makina sachita zimenezi, iyi ndi yoluka pamanja. Ubweya unamuthera wolukayo, ndiye ananyika wina mu utoto. Kusiyana kwa utoto kotereku ife timati abrash."

Ndinabwerera nayo kunyumba. M'njira monse ndinkaganiza za mkeka wa malemu amayi, uja unasintha utoto pakati, umene ndinkaubisa kukabwera alendo.

Chonde musautaye. Mupatsire aliyense wobwera kuno, ndidzauyale pabalaza.

Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Tiyamike